Ndigule mfuti yokulirapo kuti ndisabweze kiyi wa pageti?

Aphungu,

Ndatopa, ndiyambe ndi mawu amenewo. Ndili ndi zaka 63, maondo anandithera m'mapiri omwewa, ndipo funso langa ndi la mfuti: ndisiye mfuti ya .300 yomwe ndili nayoyi ndigule yokulirapo ya .338, kapena ndingopeza zipolopolo zolemerako? Koma ndikuuzeni kaye chomwe chandifikitsa pamenepa.

Kwa zaka 27 ndakhala ndikusaka nswala pa famu ya nkhosa ya malemu Alistair, kumtunda kwa chigwa chathu. Ndi iyeyo anandipatsa kiyi wa pageti la kuseri, popanda pepala, popanda kusainirana. Anangoti, "Ukapha uzisiyako mwendo umodzi pakhonde." Alistair anatisiya zaka zinayi zapitazo, ndipo pano famu akuyendetsa ndi mwana wake Bronwyn, mwana amene ndinkamunyamula paphewa powoloka mtsinje. Wakula akunditcha amalume.

Kale ndinkakwera. Ndinali ndi .270 yanga yakale, ndinkazungulira phiri mphepo ikundiwomba kumaso, n'kukwawa m'maudzu mpaka kumva fungo la nyamayo. Zomwe ndinapha ndi mfuti imeneyo sindingaziwerenge. Maondo atayamba kukana, ndinapeza mwala wina pafupi ndi njira ya thirakitala, pomwe munthu umaona tsidya lonse la chigwembe utakhala pansi. Kuchokera pamwalapo kukafika pomwe nswala zimatulukira m'mawa ndi mamita 520, pena 600. Murray, mnzanga amene timasaka limodzi, anandiseka tsiku loyamba lomwe. Anati, "Mdala, kamfuti kakoko n'kophera makoswe. Chipolopolo chikafika tsidya chitatopa kuposa iweyo." Mwezi womwewo ndinagula .300.

Chimfuti chimenechi ine ndi icho sitinagwirizanepo. Tsiku loyamba chinabwerera m'mbuyo powomba, galasi lake lolozera linandidula pamwamba pa diso, chipsera chilipo mpaka lero. Ndikawomba katatu phewa limachita dzanzi, mawa lake wondiveka jekete ndi Noeline, mkazi wanga. Ndiye ntchito yokonza galasi kuti lilunjike ndinamusiyira Murray, poti ndi wamng'ono kwa ine ndi zaka khumi komanso ali ndi thupi. Iyeyo amaika zipolopolo zitatu pamalo oti n'kuphimba ndi chikhatho, choncho mfutiyo ilibe vuto. Ine ndimangoiwomba kuphiri, mwina kasanu pachaka. Pomwe chipolopolo chagwera sindiona, amandiuza ndi Murray amene amakhala akuyang'ana m'magalasi oonera patali.

Zaka ziwiri zapitazi ndavulaza nswala zitatu osazipeza. Ziwiri zoyamba tinati ndi mphepo. Yachitatu ndi ya mwezi wathawu, yaikazi ya chaka chimodzi, ya ndiwo chabe. Nditawomba Murray anati, "Waphonya, yathawa bwinobwino." Tinabwerera kunyumba osapita kukaona, chifukwa kutsika ndi kukwera chigwembe chimenecho ndi maola atatu pa maondo angawa. Patatha masiku asanu agalu a Bronwyn anaipeza kumtsinje, chibwano cham'munsi chitathyoka chikulendewera, ikuyesa kumwa madzi koma osatheka. Bronwyn anaimaliza yekha.

Anabwera kwathu Lamlungu. M'nyumba sanalowe, tiyi anakana. Sananditchenso amalume, anandiitana ndi dzina la makolo ngati wapolisi. Anati, "Bambo anga ankakukhulupirirani, n'chifukwa chake lero kiyi sindikukulandani. Koma ndikadzapezanso ina yotero, musadzadikire kuti ndikufunseni. Mudzamuponye m'bokosi la makalata." Manyazi amenewo sanandichoke, ndipo kuchokera tsiku limenelo kufamuko sindinapondekonso.

Kwatsala milungu isanu ndi umodzi kuti nswala zamphongo ziyambe kubangula poitana zazikazi, nyengo yathu yosaka. Murray akuti vuto ndi mphamvu: "Ndi .338 ngakhale uigunde kumchira imagona pompo." Wa kusitolo ya mfuti akugwirizana naye, wanditulutsira kale ziwiri pakauntala. Noeline wangochotsa kiyi uja pamsomali n'kumuika m'kabati ya mbale, kaya akutanthauza chiyani. Malo ena osakako ndilibe, kunkhalango za boma maondo sangandifikitse. Geti limenelo likatsekedwa ulenje wanga wathera pomwepo. Za mphepo ndi kugwa kwa chipolopolo ndawerenga mpaka mutu kuwawa. Ingondiuzani nambala ya mfuti, Aphungu.

D.R.H., Fairlie

Bambo D.R.H.,

Nambala ndikupatsani, koma si imene mukuyembekezera. .338 musagule.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo mlandu mwaugamula nokha osadziwa. Muli ndi mfuti imene simungaiwombe kanayi motsatizana, imene galasi lake amakukonzerani wina, ndipo simuona pomwe chipolopolo chagwera. Simuona chifukwa mumatsinzina. Thupi lanu linaphunzira tsiku lomwe galasi linakudulani, ndiye chala chisanakhethemule phewa limayamba kale kudziteteza, mpope wa mfuti n'kugwedera. Pa mamita 100 mumasemphana ndi pomwe mwaloza ndi chikhatho chimodzi, nyama imagwabe. Pa 550 zikhathozo zimapitirira zisanu, ndipo munthu ukaloza chifuwa umathyola chibwano. Mukagula yomenya kuposa pamenepo mudzatsinzina kwambiri. Musadzione ngati ndinu nokha. Ine zinandigwira ndili ndi zaka 40, ndinanamizira mphepo nyengo ziwiri zathunthu.

Murray ndi mnzanu, koma pa izi akukusocheretsani. Nyama yogundidwa kumchira sigona pompo, imapita kukavutikira kutali, kaya mfutiyo ndi yaikulu bwanji. Ndipo zipolopolo zitatu zija pachikhatho zikungotiuza kuti Murray amatha kuiwomba. Za inu sizikunena kanthu. Wa kusitolo ndisamunene, ntchito yake ndi kugulitsa.

Musangomvera ine, dziyeseni. Pezani zipolopolo zabodza, zopanda onga zija zophunzirira, mupite pamalo oyesera mfuti. Wina aziika m'mfuti inu mutatembenukira kumbali, pena chenicheni pena chabodza, osakuuzani. Mukadzakhethemula pa chabodza, mfuti ili zii, mudzaona nokha mpope ukugwa ndi maso akutsekeka. Palibe mlenje amene amakhulupirira zimenezi asanadzionere yekha.

Mukatero, tulutsani .270 ija m'kabati. Kwa nswala zathu zofiirazi ndi yokwana ndithu mpaka mamita 300 m'manja mwa munthu woidziwa, ndipo inu mumaidziwa. Muikitse chochepetsa phokoso kumpope, chimachepetsanso kumenya kwa paphewa. Ngati wokonza mfuti anena kuti mpope wake unatha, gulitsani .300 mugule 7mm-08 kapena imodzi mwa za 6.5, zonsezo n'zofatsa paphewa la munthu wa zaka zathu. Sankhani mtundu umodzi wa chipolopolo chosakira nyama, mukhale nawo womwewo, ndipo galasi mukonze nokha ndi diso lanu. Masabata oyamba muzikhethemula kunyumba ndi zabodza zija kakhumi patsiku, maso ali pagalasi, mpaka thupi liiwale mantha.

Kenako mbale ya pepala. Ikhomeni pa mamita 100, mugone pansi mfuti ili pachikwama monga muchitira kuphiri, osati pabenchi. Zipolopolo zisanu mwa zisanu zilowe m'mbale. Zikalowa, isunthireni kutali. Pomwe chimodzi chayamba kutuluka, bwererani m'mbuyo, ndipo mtunda umenewo ndiwo wanu. Ukakhala 220 ndi 220 basi, musakambirane nawo.

Zikutanthauza kuti mwala uja muusiya, ndipo ndikudziwa kuti apa ndi pamene pakuwawa. Vuto lanu lenileni ndi maondo, mwakhala mukuwafunira mankhwala kusitolo ya mfuti. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Bronwyn amakusa nkhosa tsidya limenelo chaka ndi chaka, amadziwa pomwe njinga ya matayala anayi imafika. Mufunseni akuonetseni pokhala pafupi. Muzipha ziwiri pachaka m'malo mwa zisanu, firiza idzazabe.

Tsono ndinene chimene mwachidutsa mothamanga. Chomwe chinamuwawa Bronwyn si kuphonya, aliyense amaphonya. Ndi masiku asanu aja. Munawomba, wina n'kukuuzani zomwe mumafuna kumva, inu n'kupita kukamwa tiyi. Kuyambira pano, pomwe maondo anu sangakafike kukaona magazi, chipolopolo chanu chisapiteko. Ndipo ngati mbale ija ikukanani ngakhale pa 100 mutayesa mwezi wathunthu, kiyi mukamubweze nokha, m'manja, osati m'bokosi la makalata. Zaka 27 zithe mwaulemu. Koma sindikuganiza kuti mufika pamenepo.

Wokuikirani zipolopolo zabodza asakhale Murray, ameneyo adzakuseka kapena adzakumverani chisoni, zonse ziwiri sizikuthandizani. Akhale Bronwyn. Pitani sabata ino nyama zisanayambe kubangula, mutenge .300 ndi kiyi uja ali m'kabati ya mbale, mumuuze kuti, "Ndikuganiza kuti vuto ndi ine, tandithandiza kuona." Mwana amene munkamuwolotsa mtsinje sangakukanizeni theka la ola.

Ndikuchenjezeni chimodzi chokha. Mpope ukadzagwa iye akuona, pakamwa panu padzabwera mawu omwe mwawazolowera aja, oti ndi mphepo. Mudzawameze. M'mfutimo mudzakhala muli chabodza, ndipo wochiikamo adzakhala ataima pambali panu.

Aphungu