Pamene Ng'oma Zimaleka

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno Bonifasi akadali moyo. Ndayamba ndi iye chifukwa ndi amene wandikhazika pansi kuti ndikulembereni, ine amene sukulu ndinaisiyira panjira. Mukumukumbukira, wamtali uja ankadzaima kumpanda ndi gitala n'kumandiimbira likhweru, inu n'kumuwaza madzi otsukira mbale. Munkati, "Wedi, mnzako uyo maso ake sakhala malo amodzi." Ndi yemwe uja anandibisira uthenga woti mukundiitana, tsiku limene munatisiya. Ndinakumana naye Lamlungu lapitali, ndipo chiyambire tsikulo mutu wanga sukugwira bwino.

Koma ndiyambe ndakuuzani za pakhomo. Nyumba yathu ya ku Maramba ilipo, malata a kukhitchini okha ndi amene tinasintha. Mtengo wanu wa mango unabereka chaka chino mpaka nthambi inathyokera kwa aneba, tinakangana pang'ono, kenako ana awo anatola mango nkhani n'kutha. Chimanga chakuseri chinapsa ndi dzuwa, ndinangopezamo chowotcha. Njovu masiku ano zimalowa m'makomboni ngati mbuzi. Mdzukulu wanga Tisa anabereka mwana wamkazi, tinamutcha dzina lanu, Malita. Chipumi ndi chanu, ndipo akayamba kulira salekeza mpaka apatsidwe chimene akufuna. Za mlongo wanga Esnati sindikuuzani, muli naye kumeneko. Mumuitane akhale pafupi, nkhaniyi ndi yakenso.

Mbali yanu ya tsiku lija mukuidziwa, koma yanga simunaimvepo. Masiku amenewo ndinkagona kwa Bonifasi chifukwa bandi yathu ya Ziphaliwali inali ndi dansi yaikulu ya masana ku holo. Ndinachoka pakhomo mukungodandaula mutu, ndipo munandiuza mawu anu a nthawi zonse aja, akuti phokoso si ntchito. M'mawa wa dansiyo matenda anakula, munatuma Ba Siame aneba athu panjinga kuti adzanditenge. Anafika ku holo ine nditapita kukabwereka chikopa cha ng'oma. Anapeza Bonifasi, iye anati, "Ndimuuza akangobwera." Nditabwera anandipatsa timitengo tanga n'kunena kuti tiyeni tiyese nyimbo. Inu munadikira tsiku lonse mukuyang'ana kukhomo. Dzuwa litapendeka, tili pakati pa nyimbo yathu ya sitima, ndinamva mawu kumbuyo kwa holo, "Alongo! Alongo!" Anali Esnati, atamanga chitenje m'chiuno, opanda nsapato. Ndinataya timitengo n'kudutsa pakati pa anthu. Ndinakupezani atakufunditsani kale. Ba Siame anandiuza zonse pa maliro. Bonifasi anakana kuti sanaone munthu aliyense wa njinga. Ng'oma sindinazigwirenso, ndinakalowa ntchito yonyamula katundu ku njanji mpaka msana unakana.

Tsono Tisa amagwira ntchito yoperekera zakudya pa loji ina mumsewu wa Nakatindi. Tsiku lina anabwera akuti, "Agogo, kuntchito kwathu kumabwera bandi yoimba za Ziphaliwali. Si ndiye bandi yanu ija?" Ndinamuuza kuti bandi imeneyo inafa ine ndikadali ndi tsitsi. Iye anaseka. "Si yamene ija, agogo, ni anyamata a manje, a masiku ano. Amachita vonse monga mwamene munali kuchitira, zovala, kavinidwe, vonse." Akuti mphunzitsi wina wachizungu amene ankatitsata ndi makina ake masiku amenewo anajambula mawu a dansi yonse ya tsiku lija, tepiyo inapita kunja, ndipo lero ili m'mafoni. Alendo akabwera kudzaona mathithi kuno ku Livingstone amafunsanso za nyimbo zathu.

Ine sindinamvetse, Amayi. Kuimba nyimbo ya mwini ndikukudziwa, nafenso tinayamba ndi kutsanzira za m'malekodi. Koma kuvala malaya a munthu n'kukakhala pampando wake iye akupuma, amadya, amakwera minibasi, zimenezo zimatchedwa chiyani? Ndinkaona ngati zotere zimachitikira akufa.

Ndinapita. Kunali masana, pakapinga, anthu atakhala pansi pa mitengo, azungu ofiira ndi dzuwa ndiponso athu a ku Lusaka ovala magalasi akuda. Tisa anandikhazika pambali n'kundipatsa chakumwa chozizira. Kenako anatulukira anyamata anayi, tsitsi lalikulu lochita kuvala, mabuluku otambalala kumapazi. Wa gitala anapendeketsa mutu ndendende ngati Bonifasi. Ndiye ndinayang'ana wa ng'oma. Amayi, anakhala chammbali, phewa limodzi kutsogolo. Ine ndinkakhala choncho chifukwa mpando wanga unali kireti ya mabotolo yothyoka mbali imodzi, ndikakhala mowongoka msomali unkandibaya. Iyeyu mpando wake wabwinobwino, wachitsulo, koma akudzipinda msana kuti afanane ndi ine.

Malaya ake anali ofiira. Anga anali obiriwira, amene munandisokera kuchokera ku katani ya kuchipinda kwanu, usiku wonse mukung'ung'udza kuti mukusokera chitsiru. Kolala yaikulu ija anaipeza bwino, mabatani anawapeza bwino, mtundu wokha ndi umene anaphonya, poti chithunzi chimene anaonera ndi cha kale chopanda mitundu. Koma m'mene nyimbo zinkapitirira ndinayamba kukayika ndekha. Kodi anali obiriwiradi? Katani ija inali ya mtundu wanji? Mpaka lero ndikatseka maso ndimaona ofiira. Mundikumbutse.

Sindikubisirani, amaimba bwino anawo. Phazi langa linayamba lokha kuponda pansi, manja akugunda pamaondo, ndinadzipeza ndikumwetulira. Penapake mnyamatayo anaphonya kugunda kumodzi, ndinati m'mtima ndamugwira. Kenako ndinakumbukira kuti ndine ndinaphonya pamenepo tsiku lija, kamtengo katanditerereka ndi thukuta. Anaphunzira ndi kulakwa komwe.

Ndiye anayamba nyimbo ya sitima. Sindinaganize chilichonse, ndinkangoimba nawo. Atafika pakati, ndinaona anthu akukweza mafoni m'mwamba ngati akudikira chinthu. Kumbuyo kwathu mtsikana wina anaimirira, atamanga chitenje m'chiuno, n'kukuwa, "Alongo! Alongo!" Ng'oma zinaleka. Mnyamata uja anaimirira, anataya timitengo, nadutsa pakati pa anthu. Ndipo anthu onse, Amayi, ndi azungu omwe, anakuwa pamodzi, "Alongo! Alongo!" akuseka, akuwomba m'manja, ena akuimba nthungululu. Iye anazungulira mtengo, anabwerera akuthamanga, n'kumaliza nyimbo ndi phokoso lalikulu. M'nyimbo yonseyo, pamenepo pokha ndi pamene sanafanane nane. Ine sindinabwerere.

Ndinazindikira Tisa akundigwedeza, chakumwa chitatayikira pa buluku. Anakamuitana mnyamata wa ng'omayo, dzina lake Mwiya, munthu wamkulu ndithu akavula tsitsi lija. Atamva kuti ndine Wedisoni anagwada pakapinga, akugwira dzanja langa ndi manja onse awiri. "Ba mudala, ndimwe? Ise anatiuza ati munayenda ku migodi kudala, kalekale, simunamvekenso!" Ndinamufunsa kuti kodi akudziwa chimene ng'oma zimalekera pamenepo. Anati, "Ba Bonifasi anatiuza ati inali sitayelo yanu, ati mtsikana wanu akakuitanani munali kuchoka pa siteji kuti anthu apenge. Ndiye pamene bantu bakonda maningi, kupambana vonse."

Ndinamuuza zoona zake. Sindinakweze mawu. Mwiya anavula tsitsi lake lija n'kuligwira m'manja ngati chipewa m'tchalitchi. Anati, "Tizachosapo, ba tate. Sitizachitanso." Kenako anatulutsa foni kuti ndimve za tsiku lenilenilo. Amayi, ndinamva Esnati. Osati mtsikana wa chitenje wa pa loji, koma Esnati wathu, mawu ake aang'ono aja asanakwatiwe, akupuma movutika chifukwa chothamanga kuchokera kunyumba. Tilibe chithunzi chake chabwino, tilibe kanthu kena kalikonse ka mawu ake. Ndinati abwereze. Ndinati abwerezenso. Tsono anandifunsa ngati achotsedi mbali imeneyo m'nyimbo. Akachotsa, Esnati sadzamvekanso mu Livingstone muno. Akasiya, anthu azivina maliro anu Lamlungu lililonse. Ndinamuuza kuti ndikaganize, ndipo mpaka pano ndikuganiza.

Bonifasi anali pomwepo nthawi yonseyi, kutsogolo, pampando wa khushoni umene amamusungira. Ine sindinamuzindikire. Wafupika, mutu mbuu, diso limodzi layera, amayenda ndi ndodo. Atandibweretsa kwa iye anandiyang'anitsitsa, kenako anafuula, "Wedi! Iwe chimunthu, uli moyo?" Anandikumbatira. Zaka zonsezi ndakhala ndikukonza mawu oti ndidzamuuze, ndikumanena ndekha ponyamula matumba ku njanji, ponyamuka, pogona. Mawu onsewo anathawa. Ndinangomva mafupa ake m'malaya, ngati ndagwira nkhuku yodwala. Tsaya lake linali lonyowa, koma sindikudziwa ngati ankalira kapena ndi diso lodwala lija limangotsika madzi.

Ndinamufunsa chimodzi chokha. "Boni, Ba Siame anabwera m'mawa uja kapena sanabwere?"

Anati, "Siame uti?"

"Wa njinga. Aneba athu."

Anayang'ana ku siteji kumene anyamata ankakulunga mawaya. Anati, "Holo inadzaza tsiku lija, Wedi. Unaona mmene inadzazira? Anthu mpaka pamawindo." Kenako anandifunsa ngati ndadya.

Ndiye ndi zimenezo zikundisowetsa tulo. Sindikudziwa ngati waiwaladi, poti Mwiya akuti masiku ena saloza ndi njira ya kwawo, kapena akundizemba monga kale. Ngati waiwala, ndiye kuti ndasunga mkwiyo wanga zaka zonsezi kusungira munthu amene kulibe. Ba Siame anapita, Esnati anapita. Watsala ndi iye yekha amene anaona njinga ija itaima pakhomo la holo. Ndipo anthu onse aja apita kwawo akudziwa kuti Wedisoni ankathamangira chibwenzi.

Za anthuwo zilibe kanthu kwenikweni. Chimene chimandidya ndi inu. Esnati anandiuza kuti chakumasana munafunsa ngati ndabwera, atakuuzani kuti ayi munatembenukira kukhoma n'kunena kuti, "Musiyeni, ali ndi ng'oma zake." Munapita mukudziwa kuti uthenga unandipeza ine n'kusankha phokoso. Ndakuuzani kambirimbiri kumanda kuti sizinali choncho, koma ndi mawu a ine ndekha, ndipo inu munkadziwa kuti ndinali mwana wodziwa kudzikanira.

Sindikufuna dzina langa pa chikwangwani cha loji. Mpando wa khushoni akhale nawo. Malaya akhale ofiira ngati afuna. Ndikufuna chinthu chimodzi ndisanabwere kumeneko: Bonifasi aime pamanda panu, avule chipewa, anene ndi pakamwa pake kuti Ba Siame anabwera, iye sanandiuze. Asapepese n'komwe ngati sangathe. Angonena, inu mumve.

Mwiya wavomera kutinyamula pa galimoto imene amanyamulira ng'oma, akuti tidzasankhe tsiku limene mutu wa mdalayo uli bwino. Ndapita kale kukalambula udzu, ndipo mtanda ndaupaka utoto kuti asadzanene kuti sakuona pamene pali. Akadzafika n'kufunsanso kuti Siame uti, sindikudziwa chimene ndidzachite. Mwina ndidzamukhazika pansi ndi kumufotokozera kuyambira pachiyambi, njinga, chikopa cha ng'oma, holo yodzaza, mpaka akumbukire kapena dzuwa lilowe.

Koma ndibwera naye, Amayi, ngakhale kum'bereka kumsana wanga wothyokawu. Nthawi ino mukayang'ana kukhomo mudzandiona. Mupatseni moni Esnati, mumuuze kuti ndinamumva.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Wedisoni