Lemba Kuti Sutisamala

Bembeke, Dedza
9 Juni 1996

Mwana wanga Vinsenti,

Ndikhulupirira wadzuka bwino kumeneko ku Limbe, iwe, mpongozi wanga ndi ana. Ine ndikuyendako, koma mawondo. Amayi ako ndiwo sali bwino. Chifereni ziwalo chaka chatha sadzuka, ndipo kumsana kwatuluka zilonda. Chisanu cha kuno ukuchidziwa.

Kwabwera bungwe la okalamba, akuti lapeza thandizo kunja. Olembedwa akulandira bulangeti ndi sopo, komanso kumabwera mayi kawiri pa sabata kudzasambitsa wodwala ndi kumutembenuza. Akulemba okhawo opanda owasamala.

Tsiku lolemba ndinalakwitsa ndine. Nditamva kuti kukubwera alendo ndinasesa pabwalo, ndinabwereka mipando kwa a Zikhalo oyandikana nafe aja, ndinavala jekete yopitira kutchalitchi. Nkhuku inatsala imodzi ija ndinapha. Mlendo angachoke pakhomo panga osadya? Chitseko cha kuchipinda ndinatseka chifukwa cha fungo, ndinati amayi ako akupuma.

Wolembayo, a Jestina, anafunsa ngati tili ndi mwana wotisamala. Ndinati alipo, ali ku Limbe, satiiwala. Ndinatulutsa wailesi unatumiza chaka cha referendamu ija n'kuiika patebulo. Sanafunse chifukwa chake sikulira. Anadya, anathokoza, anapita. Mayina atawerengedwa kutchalitchi, athu munalibe.

Dzana ndinapita kukaulula bodza langa. A Jestina anati zimene ndinanena zinalembedwa kale, ndinasayinira ndekha, ndipo eni thandizo samva zapakamwa. Akuti pafunika kalata ya mwanayo yonena kuti satisamala, ifike mwezi uno usanathe.

Ndiye sindikuti ubwere ayi. Zimenezo ndinalemba kanayi, ndatopa. Tenga pepala ulembe kuti: "Ine Vinsenti makolo anga sindiwasamala." Usayine, utumize kudzera kwa abambo mfumu. Usachite manyazi. Manyazi ndinachita kale ine, ndi amene awagoneka amayi ako pachiguduli. Ndekha sinditha kuwanyamula. Lachitatu tinagwa tonse awiri, tinakhala pansi pompo mpaka a Zikhalo anamva kuitana.

Amayi ako sindinawauze. Kalata yakoyo ikafika ndidzawaonetsa envulopu yokha, ndidzati Vinsenti walemba, akupereka moni. Paja sadziwa kuwerenga, adzakondwa.

Mulungu akusunge. Upereke moni kwa mpongozi wanga Kristina ndi adzukulu anga amene sindinawaone.

Ndine bambo wako,
Gerevazio