Look after amayi, akutero achimwene

Lolemba, 12 Meyi

Uthenga wina pafoni, wa achimwene a Melvin. Ali phee ku Blantyre. Chizungu chokhachokha ngati akulembera bwana. Pomaliza mawu omwe aja: "Look after mother." Sukulu ndinalekezera Fomu 2 kuti iwo apitirize, koma amenewa ndikuwadziwa. Look after, kusamalira. Kulemba sikuchedwa. Kuchita kwake ndi ine, chaka chachinayi tsopano chifereni amayi ziwalo mbali imodzi.

Lachinayi, 15 Meyi

Kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuchapa zofunda. Msana kuwawa. Manachesi kuseri kwa nyumba ayamba kupsa, nthambi mpaka pansi. Kupalira ndekha, manyowa ndekha. Ndikagulitsa, njinga ya olumala basi. Amayi atulukeko, aothere dzuwa.

Loweruka, 24 Meyi

Mavenda awiri, lole, matumba. Akuti mitengo yonse anagula kale mu Malichi zipatso zikadali zaziwisi, anagwirizana ndi mwini wake pafoni. Mwini wake! Munthu wosadziwa ndi komwe khasu limakhala. Ndawaimbira achimwenewo. Akuti, "Deliwe, ndimakuchepetsera ntchito. Iwe uzingopanga look after amayi." Ndalama anakonzetsera galimoto yawo.

Athyola ndi osapsa omwe. Amayi amangomvera pamphasa nthambi zikuthyoka.

Lolemba, 26 Meyi

Sindinaphike. A Orlanda oyandikana nafe abweretsa phala. Mchimwene wanga ndikumuda. Ndalemba, sindifufuta.

Amayi, pakamwa popotoka paja, liwu limodzilimodzi: "Ukanditule kwa iyeyo. Manachesi wadya, nayenso anyamuleko." Ndakana. Abwereza katatu.

Lachiwiri, 3 Juni

Minibasi pa Boma, a Orlanda andithandiza kuwakweza amayi. Ku Blantyre achimwene ali kuntchito, pageti atuluka alamu, kukamwa yasa. Amayi ndawagoneka pasofa yoyera ija. Mankhwala patebulo, beseni, nsalu zosinthira. Andifinya dzanja ndi mkono wabwinowo. "Pita."

Ndalira mpaka pa Zalewa. Kenako foni m'manja. Mawu atatu okha, Chizungu changa cha Fomu 2 chakwana: "Look after mother."

Ndafika kumudzi. Foni ikulira kachisanu ndi chiwiri, ilire. Koma madzi osamba ndatereka kale, a anthu awiri monga mwa masiku onse, ndipo mphasa yawo ikadali poyala. Alamu aja sakudziwa kuti amayi satembenuzidwira kumanzere, kuti phala likatentha amatsamwa, kuti...