Madesiki Makumi Anayi

Lachiwiri, 4 Malichi
Ndawina mlandu! Khoti lalamula kuti a Mawamawa, eni sukulu ija, andilipire madesiki makumi anayi amene ndinawakhomera chaka chatha. Iwo osabwera n'komwe. Chipepala cha chigamulo ndathamanga nacho kwa wogulitsa matabwa, amene ndinamupatsa makina anga opalira ngati chikole. Wangochiyang'ana n'kundibwezera. Akuti, "Pepala sindidya, achimwene. Juni akatha, makina ndigulitsa."

Lachisanu, 21 Malichi
Zii. Kalaliki wa kukhoti akuti chigamulo chilibe miyendo, ndilembetse kuti masherifu akalande katundu. Kulipiranso! Wakuba ali phee, woberedwa ndiye azipisa m'thumba. Ndagulitsa njinga.

Lolemba, 14 Epulo
Masherifu abwerako chimanjamanja. A Mawamawa akadandaula kukhoti kuti chisamani sanachilandire. Bodza lamkunkhuniza! Ndinawaona ndi maso angawa akuchipinda n'kuchilowetsa m'jekete. Zonse zaima kaye. Mayi a ana akuti ndayamba kutukwana kutulo.

Lachinayi, 8 Meyi
Dandaulo lawo lakanidwa. Masherifu apitanso, ine pambuyo. Galimoto, akuti ndi ya akazi awo. Makompyuta, a mlamu wawo. Nyumba, yalendi. Nanga chawochawo n'chiyani? Madesiki. Anga omwewo! Awaponya m'lole ngati nkhuni, ana ali ndondondo pakhonde, makope m'manja. Zandiwawa kwambiri.

Loweruka, 24 Meyi
Okushoni. Miyendo yothyoka, matabwa ong'aluka. Ogula atatu okha. Madesiki apita pa mtengo woti sungagule ndi misomali yake yomwe. Wogula ndani? Mlamu uja wa makompyuta, mano onse pamtunda. Masherifu achotsapo zawo, za lole, za kosungira. Zotsala ndapereka kwa wogulitsa matabwa. Akuti ndi theka lomwe la ngongole ya matabwa silinakwane. Chilungamo chake chimenechi? Asa!

Lachitatu, 2 Julayi
Makina anapita dzulo. Pamene anali patsala mabowo anayi a mabawuti pasimenti. Sindikufuna kuyang'anapo.

Lero m'mawa, lole pakhomo pa shedi yanga. Madesiki aja, ngati mmene anathyokera. A Mawamawa akutsika, nkhope yopanda manyazi ndi pang'ono pomwe. Akuti mlamu wawo uja "wawabwereka" madesikiwo. "Amisiri, palibe amene akuwadziwa ngati inu. Tikonzereni, ana akukhala pansi."

Hamala inali m'manja. Ndaiika pansi msanga, ndikudzidziwa ine.

Ndatchula mtengo wokonzera wokwera dala, ndati alipiriretu yonse, kuti achoke. Apisa m'thumba pompo. Zatsopanotsopano, osanenerera n'komwe. Kani ndalama anali nazo nthawi yonseyi!

Lendi ya shedi ndi mawa. Kunyumba ngakhale sopo kulibe.

Ndalandira. Mayi a ana sindinawauze. Ndayamba ndi a miyendo yothyoka, kupala pamanja.