Makaka Akuda a Kwathu

Thyolo, 12 Febuluwale 1934

Amayi okondedwa,

Landirani moni wanga, inu ndi onse pakhomopo. Kodi mwendo uja wasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, ndipo chimwemwe chikundikanikitsa kukhala pansi.

Khasu ndalisiya, Amayi! Ku esiteti kuno kwabwera mzungu wofufuza chimene chikuwoletsa mizu ya tiyi, ndipo wanditenga kuti ndizimutolera chuku. Inde, chuku chomwecho chimene chimamera pa makaka. Ine ndinkati chuku n'chimodzi basi. Nditasuzumira pa galasi lake lokulitsa zinthu ndinatsala pang'ono kukuwa. China chili ngati tsache, china ngati ngala za mapira. Cha pa mizu ya tiyi n'choyera, cha pa malalanje a ku Goliati n'chobiriwira. Chilichonse chili ndi dzina ndi abale ake, ndipo bwanayo akufuna kudziwa ngati dera lililonse lili ndi chakechake. Cha kwathu ku Phalombe sanachionepo.

Mwezi wamawa akupita ku Zomba, ndipo atenga munthu mmodzi yekha, ine kapena mnzanga Douglas. Wotsalayo abwerera ku khasu. Douglas wabweretsa kale mitundu isanu ya kwawo ku Nchilamwela.

Tsono makaka a chuku amene ndinapempha aja afika ndi amalume. Amayi, munawapala, kuwatsuka ndi kuwayanika mpaka kuyera mbee! Amalume akuti munanena kuti simungatumizire mzungu zowola, angatiyese anthu auve. Nditamasula mtolo pamaso pake ndinalakalaka nthaka itandimeza. Iye anaseka mpaka misozi. Ine kuseka sikunabwere, chifukwa Douglas anali pomwepo.

Chonde tumizani ena amalume akamabwerera kuno. Akhale akuda bii, a pansi pa dengu, pamodzi ndi chimanga chowola chimodzi. Osapala, osatsuka, osayanika. Mungowakulunga m'masamba ouma a nthochi.

Moni kwa achemwali a Magdalena amene akukuwerengerani kalatayi, kwa alamu ndi ana, komanso kwa azakhali a Alesi. Ndikudziwa kuti m'nyumba mwanu chowola sichigona. Choncho mupite kwa azakhaliwo, amene mumawanena tsiku ndi tsiku chifukwa cha nkhokwe yawo yodontha. Mukawapemphe mwaulemu, Amayi, pakuti ulendo wanga wa ku Zomba uli m'nkhokwe imeneyo.

Tsalani ndi mtendere wa Ambuye.

Ndine mwana wanu,
Peterson