Agwetsa Nsanja ya Wotchi

Lolemba, 4 Ogasiti

Positi yakale aitchinga ndi malata. Mbali zonse. Ndaona ndi maso anga popita ku ntchito, mpaka ndinatsika minibasi isanafike pasiteji. Pachikwangwani ajambulapo chipilala chachitali, kapinga, madzi othovoka m'mwamba, anthu onenepa bwino akumwetulira. Ati Bwalo la Chikumbutso. Chikumbutso! Nyumba yakale kuposa zonse mumzinda muno, ndiye aigwetse kuti tizikumbukira chiyani?

Anayamba ndi nyumba ya kanema, n'kumangapo maofesi awo a khonsolo. Kenako laibulale. Tsopano positi, ndi nsanja yake ya wotchi yomwe.

Chimene chikundidya ine ndi nkhani ya bambo. Chimwalirire mayi mutu wawo ukungothawa pang'onopang'ono. Amaiwala kuti adya. Dzulo thawulo ndalipeza m'firiji. Koma njira ya kupositi saiwala. Anagwirako ntchito mpaka kupuma, ndipo wotchi ya pansanjayo ankaisamala ndi iwo. M'mawa uliwonse jekete, chipewa, ulendo. Kukaima patsidya pa msewu, kuyang'ana m'mwamba, kutchera wotchi yawo ya pamkono. A Sapato, osoka nsapato pakhonde pa positipo, amawapatsa mpando. Akapuma amawagwira paphewa n'kuwatembenuza: nsanja kumbuyo, kunyumba kutsogolo. Chatsala m'mutu mwawo n'chimenechi basi.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Ndaimbira achimwene. Paja iwo ndi a kukhonsolo komweko, a taye pakhosi. Ati, "Mlongo, mzinda ukupita patsogolo, chinyumba chija chinali chodontha." Kodi kwawoko denga likadontha amagwetsa nyumba? Za bambo ati ndizingowatsekera m'nyumba. N'zosavuta kunena munthu ukamabwera kamodzi pachaka ndi paketi ya shuga.

A Sapato awathamangitsa. Ndawapeza kuseri kwa depoti, pafupi ndi zimbudzi, alibe ndi kasitomala yemwe. Osadandaula za iwo eni ayi, funso lawo linali lakuti, "Nanga madala aja aziwatembenuza ndani?"

Bambo apitako, abwerako okha. Nsanja ikuonekabe pamwamba pa malata. Angoti pakhonde sipakulowedwa, mwina akupenta.

Loweruka, 9 Ogasiti

Yagwa.

Nthawi ya nkhomaliro ndinasiya mnzanga m'sitolo ya mankhwala n'kuthamangira komweko, ndili ndi gauni yoyera yomwe. Chigalimoto chachikasu, chidzanja chake m'mwamba. Kugogoda kochepa chabe. Makoma okhuthala aja, masitepe amene mayi ankatikhazikapo podikira bambo aweruke, zonse fumbi lokhalokha. Wotchi inagwa chafufumimba. Ogula zitsulo anali atafola kale ndi mawilibala awo, m'modzi anatuluka atanyamula muvi wautali wa wotchiyo paphewa ngati khasu.

Anthu kumangojambula ndi mafoni. Wina mpaka kuimba mluzu. Ine ndatukwana, mokweza, mawu amene sindingalembe muno. Woyendetsa chigalimotocho sanamve n'komwe, anali ndi zotseka m'makutu.

Madzulo mpunga wapserera. Bambo sindinawauze.

Lolemba, 11 Ogasiti

Ndawatsekera. Ine, mwana wawo, kukhomera bambo anga loko ngati mbuzi. Kiyi ndinasiya kwa mayi a nyumba ya kuseriku kuti aziwasuzumira. Pobwera ndawapeza atakhala pampando kumaso kwa chitseko, jekete, chipewa, tiyi wosamwa. Mayi a kuseri ati bambo anagogoda m'mawa wonse, modekha, akumati, "Zikomo, ndachedwa kuntchito."

Sanandikalipire. Bola akanakalipa. Angondionetsa wotchi ya pamkono, ati ikutsalira ndipo alibe poiyerekeza.

Mtima ukundiwawa. Ndakwiya ndi khonsolo, ndakwiya ndi achimwene, ndi loko yemweyu ndakwiya naye.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Sakudya. Phala supuni ziwiri, basi. Miyendo yayamba kutupa chifukwa chongokhala.

Ndinayesa kuyenda nawo madzulo cha kusukulu, njira ina. Pamphambano anaima, kuyang'ana kumwamba uku ndi uku, kufunafuna. Mzinda wonse wafanana tsopano, magalasi okhaokha. Anandigwira dzanja mwamphamvu, ati, "Mwanawe, mitambo yatsika lero, nsanja siikuoneka." Kunja kunali kowala mbee.

Pawailesi akuti Lachiwiri kuli mwambo woika mwala wa maziko. Akuti chipilalacho chidzaphunzitsa ana athu kumene tachokera. Ndathimitsa. Ndikanaiponya panja, koma ndi ya bambo.

Lamlungu, 17 Ogasiti

Achimwene abwera, mwadzidzidzi. Osati kudzaona bambo ayi, kudzabwereka simbi, yawo yapsa ndipo suti ya Lachiwiri ikufunika kusita. Adzakhala mzere wakutsogolo, ati. Bambo anawafunsa ngati wotchi ya pansanja aithira mafuta. Iwo n'kuyankha kuti, "Zonse zili bwino, bambo," maso ali pafoni.

Simbi ndawapatsa. Ndinaiwala dala kuwauza kuti imadetsa malaya oyera.

Lachiwiri, 19 Ogasiti



Mayi a kuseri anaimba cha m'ma teni. Anatsegula kuti alowetse madzi osamba, anangotembenuka pang'ono, munthu palibe. Ndinathamanga osatsanzika. Kudepoti a Sapato sanawaone, koma anasiya nsapato ya munthu ili pakati, iwo kulowera kumsika, ine kupositi. Ndikulembabe kuti kupositi.

Malata awachotsa mbali imodzi. Tenti yoyera, mipando, maluwa a m'miphika obwereka, gulu la malipenga. Pansi asalaza bwinobwino ngati sipanakhalepo kanthu. Mkulu wina pa maikolofoni akunena za kulemekeza makolo athu.

Bambo anali patsidya pa msewu, pamalo pawo penipeni. Chipewa m'manja, mkono m'mwamba, maso kumwamba kopanda kanthu. Mlonda akuwakankha ndi ndodo pachifuwa kuti amisala asaonekere pakamera. Amisala! Munthu amene anakwera masitepe a nsanja ija mpaka mawondo kutha. Ndinamulanda ndodoyo n'kuiponya mu ngalande, ndipo zimene ndinamuuza anamva ndi a m'tenti omwe. Achimwene anatembenuka. Anationa. Ndikulumbira anationa. Kenako anayang'ananso kutsogolo n'kuomba m'manja limodzi ndi anzawo.

Ndinapukuta fumbi pajekete ya bambo, n'kuwagwira paphewa monga amachitira a Sapato. Ndinati tiyeni kunyumba.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anawerama pang'ono, mwaulemu, monga ankachitira ndi anthu pakauntala.

"Zikomo mayi, mwandithandiza. Pepani, ndine mlendo mumzinda muno. Mungandilozereko kupositi? Mwana wanga wamkazi akundidikira pamasitepe."

Agona tsopano, wotchi ili pamkono. Pakhomo anavula nsapato n'kupempha kuti alowe. Mawa akadzuka sindikudziwa kuti ndidzawauza kuti ndine ndani.