Zibonga Pansi, Ana M'manja

Okondedwa akulu anga aNabanda,

Moni kwa inu ndi alamu kumigodiko. Kuno ku Sinda tili bwino, ndipo amayi chifuwa chija chawasiya.

Loweruka masana anyamata a chipani anabwera ndi zibonga ndi muuni kudzatentha nyumba ya aTembo akalipentala, ati chifukwa ali ndi khadi la chipani china. Wonyamula muuniwo anali mlongo wathu Yohane! Ife amayi a kutchalitchi tinali pomwepo, tikusinjira akazi a aTembo, amene akudwala.

Amayi Zulu, azamba athu aja, sanakalipe. Anangotinong'oneza kuti, "Masulani ana kumbuyo." Iwo anatenga khanda n'kupita kwa mnyamata wina. "Tandigwirira, mwananga, ndimange bwino nsalu." Mnyamatayo anaponya chibonga pansi n'kulandira. Enafe tinachita chimodzimodzi.

Mukudziwa kuti ine sindiyankhula pagulu. Koma ndinapita kwa Yohane nditanyamula Dalitso wanga, n'kunena kuti, "Amalume ake, landirani mwana."

"Iwe choka, suona moto?"

"Ndiye uzimitseni."

Anandiyang'anitsitsa, kenaka anakwirira muuni mumchenga n'kunyamula mwanayo. Pompo Dalitso anamukodzera pamalaya! Onse anafa nazo nseko, ngakhale aTembo amene anabisala kuseri kwa nkhokwe. Nyumbayo ilipobe, udzu wake wonse.

Chonde mulembereni Yohane, pakuti mavoti sanafike ndipo inu amakumverani. Musamukalipire. Mukapeza malaya otchipa mumutumizireko, popeza aja akukana kuwavala, anzake akumuseka.

Ambuye akusungeni nonse kumeneko.

Ndine mng'ono wanu,
Esitere